Dothi Lofiira la Kubwinja

Mulungu ndi wabwino, zimenezo sindikana, ndipo m'mawa uliwonse ndimamuthokoza ndisanatsegule chitseko. Koma pali funso limodzi limene ndamusungira, ndidzamufunsa tikadzaonana: n'chifukwa chiyani anandipatsa maso okonda zokongola, koma osandipatsa pakamwa pofunsira? Akanandipatsa zonse ziwiri, bwenzi mwana wanga Tiwonge atakwatiwa ndi mnyamata amene ankamufuna, ndipo ine bwenzi ndilibe dzina limene anandipatsa pamudzi pano (sindililemba, ana a sukulu angaliyambirenso).

Ine kwathu ndi ku Katete. Ndinabwera kuno kwa Magodi ndili mtsikana, kudzakwatiwa pakati pa Angoni oweta ng'ombe, olankhula Chitumbuka. Sukulu sindinapite nayo patali. Kuimba, amayi a ku kwaya anandipempha mwaulemu kuti ndizingowomba m'manja. Koma chinthu chimodzi Ambuye anandininkha, ndicho khoma. Kuno tikatha kukolola, amayi timazira nyumba ndi kuzijambula kunja ndi dothi la mitundumitundu. Katondo amatipatsa kufiira, kudambo timatapa loyera, phulusa limatipatsa kutuwa, ndipo chakuda ine ndinkachitenga m'mabatire a wailesi otha mphamvu. Pa ntchito imeneyi, ndisanamizire kudzichepetsa, panalibe wondiposa.

Anthu ankandifunsa kuti nzeru zake ndimazitenga kuti. Palibe kumene ndinkazitenga, ndinkangoyang'ana. Nthenga ya nkhanga ikagwa pabwalo ndinkaitola. Tayala la njinga likadinda pamchenga ndinkaima mpaka mtsuko kundilemera pamutu. Chigoba cha kamba, maso a chimanga cha mawangamawanga, ngakhale mmene nyerere zimazungulira fupa, zonsezo zinakhalapo pakhoma langa. Tsiku lina ku msika wa ku boma ndinatsatira mayi wina amene anavala diresi ya salaula, zija zogula zovalidwa kale, ya masamba opiringizika, maso anga ali pamsana pake, mpaka anatembenuka ndi kundifunsa ngati mwamuna wake ndimamudziwa.

Vuto langa linali limodzi, ndipo linkakhala moyang'anizana ndi khomo langa. NyaZimba, mkazi wa mng'ono wa amuna anga. Munthu wopemphera naye, sindimuneneza. Koma ine ndikajambula nkhanga kumayambiriro kwa sabata, pofika Lachisanu nkhanga zaswa kale kwa NyaZimba. Ndikajambula duwa, lamera kwawo. Choipa n'chakuti nyumba yake ndiyo inali kufupi ndi njira, ndiye odutsa ankayamba kuona zake, n'kumati ine ndiye wotengera.

Chaka chotsatana ndi chija chimene tinadya ufa wachikasu wa chithandizo, mutu wanga unauma ngati chitsime. Njala inali itatha, koma ndikayang'ana nkhanga ndinkangoona ndiwo. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene uthenga unafika wakuti abale a Lameki, mnyamata wa kwa Chikomeni, akubwera kudzakamba za ukwati. Lameki anali mwana wabwino, wolima fodya, wosalawa mowa, wogwada popereka moni. Tiwonge akangomva dzina lake ndiwo zinkapserera. Tsono mukudziwa inu, alendo otere sabwera kudzaona mtsikana yekha. Amaona bwalo ngati lasesedwa, amaona khoma, ndipo m'mitima mwawo amati mwana adzakhala monga amake.

"Amama," anatero Tiwonge, "chaka chino mujambule zoti amama aang'ono asathe kutengera."

Ndinalonjeza. Kenaka ndinakhala pansi kutsogolo kwa khoma, beseni la dothi lili pambali, mpaka dothi linauma. Mawa lake chimodzimodzi. Lachinayi ku msonkhano wa amayi ndinapempha kuti andipempherere, ena anaseka poganiza kuti ndikucheza. Amayi abusa okha ndi amene anandimvetsa. Titatuluka anandikokera pambali.

"Kunkhuni mumadzera njira iti?"

"Yomweyo ya masiku onse, amayi."

"Ndiye chimenecho. Maso anu azolowera, agona. Mawa mudzere kwina kumene simunapiteko."

(Malangizowo anali abwino, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Sanandiuze kuti ndikakumbe, zokumbazo ndinawonjezera ndekha.)

Mawa lake ndinatenga nkhata ndi chingwe, ndinadutsa madimba akale, ndinalowera kumene sindinkaona munthu akupita. Ndinafika pamalo poyera, pa udzu waufupi, pali mkuyu wouma ndi timilu ta miyala. Madzi a mvula anali atang'amba chigwembe pambali pake. Ndinasuzumira m'chigwembemo. Dothi lofiira, koma osati kufiira kwa katondo amene tonse timamudziwa. Ili linali ngati chiwindi cha ng'ombe yongophedwa kumene, ndipo pansi pake panali mzere wachikasu ngati dzira. Nditalifinya m'manja linali lonona, lopanda mchenga. Ndinagwada pomwepo, ndinathokoza Ambuye mokweza, ndipo popeza panalibe wa kwaya wondiletsa, ndinaimbanso nyimbo.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwerera kunyumba ndi kufunsa kuti kodi malo aja ndi a yani. Ine ndinaganiza za NyaZimba. Ndinkapita ndi beseni, ndikadzaza ndinkaphimba pamwamba ndi masamba a maungu.

"Nkhwani zimenezi mukuthyola kuti chilimwe chino, akulu?" anandifunsa tsiku lina.

"Kumene zikumera," ndinayankha, khosi likundithyoka ndi kulemera kwa nkhwanizo.

Ndinayambira khoma la kuseri, ndinatchinga ndi mphasa ngati ndikuteteza ku nkhuku. Amuna anga anabwera kudzaona, ndodo yawo ya ng'ombe ili m'khwapa.

"Anyina Tiwonge, dothi lokongola chonchi mwalitenga kuti?"

"Ambuye apereka."

"Ameni," anatero, napita ku khola.

Dothi labwino limabwera ndi nzeru zake. Mutu umene unauma uja unatseguka. Ndinajambula mipesa ya maungu yokwera kuchokera pansi mpaka ku denga, masamba achikasu, maluwa ofiira, timizere takuda tozungulira. Posefa dothi ndinayamba kupeza timikanda, tobiriwira ndi toyera, takale tosaoneka m'masitolo. Ndinati mwina mtsikana wina anadula mkanda wake akutola nkhuni. Ndinatitsuka bwinobwino ndi kutimata pakati pa duwa lililonse lozungulira chitseko, kuti dzuwa likawala tiziphethira. Ulendo womaliza ndinaona mwala wina wosalala pamwamba pa mulu umodzi, wooneka ngati unasemedwa dala. Ndinati uwu ndi wopondapo alendo pakhomo. Ndinausenza, osaphimba ndi nkhwani, chifukwa ngakhale bodza lili ndi polekezera.

Nditachotsa mphasa, mudzi wonse unabwera. Tiwonge anandikumbatira. NyaZimba anaima nthawi yaitali, manja ali m'chiuno, ndipo anangoti, "Mwayesetsa." Mawu amenewo anandikoma kuposa nyama.

Tsiku la alendo linafika. Anabwera pa njinga, amalume ake a Lameki, a Mwale, ndi azakhali ake atakwezedwa kumbuyo. Kumbali yathu kunali amuna anga, ang'ono awo, ndi ankhazi, ndiko kuti alongo awo a apongozi anga aamuna, amene tinakawatenga kumudzi kumene anakwatiwa. Ankhazi anali okalamba, maso ankaona utsi wokhawokha, koma makutu ndi lilime zinali zatsopano.

Zonse zinayenda bwino. Nkhuku inadyedwa, nkhani inakambidwa, mitu inagwedezeka. A Mwale anakhala pampando pafupi ndi khomo, atavula nsapato chifukwa cha kutentha, mapazi atawasanjika pamwala wanga. Ine ndinakhala pamphasa chapatali monga mwa ulemu, mtima ukuvina. Ndiye azakhali a Lameki ananyamuka, nayamba kusisita khoma ndi dzanja.

"Amayi, manja anu ndi odala. Ngati mwana watengera, ife tapata. Koma dothi limeneli, ine chibadwire sindinalione."

NyaZimba anali akuchotsa mbale. Anaseka pang'ono.

"Afunseni inu alendo, mwina inu akuuzani. Ife abale awo amatipatsa nkhwani."

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Ndinaganiza kuti khoma latha, alendo aliona, nanga chobisa n'chiyani? Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna amve kuti mayi wa Tiwonge ndi munthu woyenda, wofufuza.

"Si patali," ndinatero. "Mukadutsa madimba akale, pali mkuyu wouma. Pambali pake pali chigwembe."

Kapu ya amuna anga inaima pakati pa njira, yosafika pakamwa. Ang'ono awo anayang'ana pansi. Ankhazi anatembenuzira khutu kwa ine.

"Mkamwana, wati mkuyu wouma?"

"Inde, ankhazi."

"Pali miyala pamenepo?"

"Ilipo yambiri, yowunjikidwa bwino. Wina ndi umene apondapo alendowo."

A Mwale ananyamula mapazi onse awiri pamodzi, nawasiya m'malere, posadziwa powaika.

Ankhazi anapempha ndodo yawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chitseko, anapapasa duwa limodzi, zala zawo zinaima pa mkanda. Anaukanda ndi chikhadabo, anaubweretsa pafupi ndi diso. Kenaka anagwada, nawomba m'manja moyang'ana khoma.

"Monire, adada," anatero, ndi mawu a kamtsikana. "Mwafika liti?"

Ndiye anayamba kulira maliro.

Ndiloleni ndidziteteze pang'ono, ngakhale sizinandithandize tsiku limenelo. Kwathu ku Katete manda ndi msitu. Mitengo yake sadula, mdima wake umaoneka uli kutali, ngakhale mbuzi imadziwa kuti uko sikopita. Kuno akuluakulu akale ankawaika pambali pa khola la ng'ombe zawo, pakati pa mudzi, n'kuwunjikapo miyala. Mudzi ukasamuka, khola limaola, pamatsala miyalayo basi. Malo aja linali bwinja la mudzi wakale wa amuna anga. Dothi lija linanona chifukwa cha ndowe za ng'ombe za agogo awo, ndipo agogowo anali momwemo. Mikanda ija anatunga ndi ankhazi ali mtsikana, nawaveka bambo awo tsiku lowaika. Mwachidule, ndinatenga mwini mudzi, ndinamusefa, ndinamuthira madzi, ndi kumujambula maungu.

Alendo sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. A Mwale anavala nsapato mosamanga zingwe, nati nkhani yayenda bwino kwambiri, koma akafunse kaye ena kunyumba. Azakhali aja anali akupukuta dzanja lawo paudzu, kenaka pachitenje, kenaka paudzu. NyaZimba anadzipereka kuwaperekeza. Kuperekeza kwa kuno kumathera pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi. Iye anawoloka nawo mtsinje, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope ili yofatsa ngati wochokera ku mgonero.

Madzulo ake amuna anga anakhala pakhonde, koma osatsamira khoma.

"Anyina Tiwonge, inu munati Ambuye apereka."

"Ndipo inu munati ameni."

"Ndikanadziwa bwanji?"

"Nanga ine? Ndakuberekerani ana m'mudzi muno, tsitsi layamba kuyera, simunandionetsepo kumene kuli agogo anu."

"Zopita kumeneko tinasiya titalowa chalichi."

"Kusiya kupita ndi kusiya kunena n'zosiyana."

Anangonyamuka. Anapita kukagona kwa ang'ono awo, ati m'nyumba mukutentha. Ana nawo anabalalikira kwa anzawo. Ndinatsala ndekha ndi agogo, ndipo kunena zoona sanandivute.

Mkulu wa mpingo anabwera, nati dothi ndi dothi, tonse tidzabwerera komweko, tingopemphera. (Analankhula ataima pakati pa bwalo, ndipo madzi akumwa anakana.) Ankhazi anati pemphero ndi labwino, koma bambo awo sankadziwa chalichi, amamva mbuzi. Tinachita zonse ziwiri. Mbuzi yake inali yanga, imene ndinkasungira ukwati womwewo.

Chimene chinandipweteka koposa si mbuzi. Anandipatsa khasu kuti ndipale khoma ndekha, popeza wina aliyense ankaopa kulikhudza. Ndinapala duwa ndi duwa, tsamba ndi tsamba, ntchito imene sindinaichitepo yoposa pamenepo chibadwire. Ankhazi anakhala pamphasa ndi lichero, akusefa zopalazo ndi zala kuti mkanda ngakhale umodzi usatsale. Kenaka ndinasenza mabeseni kubwerera nawo kubwinja, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda nkhwani zophimba, mudzi wonse utaima m'makomo. Mwala unali womaliza. Nditaubweza pamalo pake, anandiuza kuti ndigwade ndipepese m'Chitumbuka, chifukwa mwini wake Chichewa sankachimva. Chitumbuka changa mpaka lero chimatsimphina. Ndili pakati popepesa ndinamva wina kumbuyo akubanika ndi kuseka, ndipo ndikudziwa kuti anali ndani, koma ndinamukhululukira (ndimamukhululukirabe mwezi uliwonse).

Yankho la kwa Chikomeni tinalidikira mpaka mvula inagwa, chimanga chinamera, tinapalira. Silinabwere. Chimene chinabwera ndi mbiri, yodzera ku chigayo, yakuti kwa Magodi kuli mayi wa ku Katete amene amatapa dothi la kumanda ndi kulimata pakhomo kuti akole mkamwini. Ine, amene sindinapondepo kwa sing'anga. Ku msonkhano wa amayi benchi langa linayamba kukhala ndi malo ambiri. Amene ankanditumizira ana awo kudzapempha kuti ndikawajambulire anasiya, ena anafafaniza ngakhale zimene ndinawajambulira zaka za m'mbuyo.

Lameki anakwatira chilimwe chotsatira. Anatenga mwana wa achimwene ake a NyaZimba. Amene anapita ku ukwatiwo anandiuza kuti khoma la kumeneko linali lokongola, mipesa ya maungu yokwera mpaka ku denga.

Tiwonge sanandinyoze. Ankaphika, ankatunga madzi, ankandiyankha mwaulemu, koma maso ake ankadutsa pambali panga. Tsiku la ukwati wa Lameki tinali awiri kumunda, tikufukula mtedza. Anagwira ntchito osaweramuka mpaka dzuwa linafika pamutu, ndiye anati, osandiyang'ana:

"Amama, mukanangopaka phulusa."

Ndikanatha kumukumbutsa kuti anandipempha ndani zoti ena asathe kutengera. Ndinatseka pakamwa. Kanali koyamba kutseka pakamwa pa nthawi yake.

Mulungu sataya munthu. Patapita zaka Tiwonge anakwatiwa ndi mnyamata wokonza njinga ku boma la Lundazi, wochokera kutali kumene mbiri yanga inali isanafike. Ndi munthu wabwino, amandigulira shuga, ndipo adzukulu anandipatsa. Ndikuthokoza. Sindinganene kuti mwana wanga amapsereza ndiwo akamva dzina lake, koma amakhala mwamtendere. Tsiku limene abale ake anabwera, khoma langa linali lotuwa ngati bulu, ndipo Tiwonge anandiika kukhitchini ndi lamulo lakuti mlendo akandifunsa chilichonse, ndizingoti yewo.

Ndiye inu amene mitu yauma, kaya mumasoka, kaya mumaluka, kaya mumapeka nyimbo, malangizo a amayi abusa ndikukupatsirani momwe analili: sinthani njira, dzutsani maso. Ine ndikungowonjezera kuti mukapeza chinthu chokongola chimene anthu onse a pamalopo akuchisiya, musafulumire kuganiza kuti onsewo ndi akhungu.

Kaya ine ndinaphunzira, sindikudziwa. Ankhazi anatisiya chaka chathachi, ndipo tinakawaika kumudzi kumene anakwatiwa, kumanda a masiku ano. Ndinalira ndithu, chifukwa kumapeto kwake tinkagwirizana, ndine ndinkawasambitsa. Koma titafika kumanda, maso anga anagwera pa mulu umene anakumba adzukulu okumba manda. Dothi lake linali lotuwa mopita ku mtundu wa maluwa a mbatata, losalala ngati ufa wosefa. Itafika nthawi yoti achibale tiponye dothi m'dzenje, ndinatapa dzanja limodzi, ndipo dzanjalo linakana kutseguka. Mzere unaima kumbuyo kwanga. Tiwonge anayandikira khutu langa.

"Amama, ponyani."

Ndinaponya lonse, Mulungu ndi mboni. Koma pobwerera, anthu akusamba m'manja pa beseni la pakhomo la siwa, ine ndinkangopatsa ena mpata, ndikuyang'ana mmene mtunduwo unakhalira m'mizere ya chikhatho changa. Tiwonge anandigwira pamkono ngati mwana, nandiviika dzanja m'madzi, nalitsuka yekha mpaka m'zikhadabo.